Giya ya Ulendo m'Botolo la Zitheba

Kalata yololeza ulendo ija, imene tinkaitcha giya, ndikadali nayo. Ili m'bokosi langa la mapepala, ndipo mpaka lero imanunkha tsabola.

Inali nthawi ya nkhondo. Mwana wathu wamkazi anali atachira kumene ku Lione, koma chakudya chinkamukana. Anatumiza mawu kuti akulakalaka achali wa zitheba wa mayi ake. Giya ndinaiyendera masiku anayi ku ofesi, pakuti wopezeka pamsewu alibe giya ankakwezedwa lole, osadziwika kolowera.

Mkazi wanga anadula zitheba, nazithira mchere, naziyanika palichero. Viniga kunalibe m'Lichinga monse, choncho anafinyiramo mandimu, nasinja tsabola ndi adyo, mafuta pamwamba. Zivundikiro zathu zinali zakutha, ndiye amayi a kwathu ku Sanjala ankapinda pepala n'kulitsekera limodzi kuti mpweya usalowe. Mkazi wanga anatseka botolo dzulo lake la ulendo, ine nditasiya giya patebulo kuti ndikopere nambala yake m'kope.

Titangotuluka m'tauni, msilikali wa pa chingwe chotchinga msewu anatiimitsa.

"Giya, madala."

Ndinatsegula envulopu. Chiphaso chinalimo, khadi la ntchito linalimo, giya munalibe. Ndinabwereza kawiri. Lole inali pansi pa mtengo, anthu ali khale m'mwamba.

"Kwerani," anatero.

Pamenepo ndinaona ngodya ya chidindo itasuzumira pansi pa chivundikiro, mudengu la mkazi wanga.

"Mayi, pepala ili munalitenga kuti?"

"Patebulo paja. Mapepala anu ndi ambirimbiri, bambo, ndimayesa n'lakale."

"Ine ndilibe pepala lakale!"

Ndinatsegula botolo. Giya inatuluka yofiira ndi mafuta, dzina langa likuwerengeka, chidindo chitasungunuka theka. Msilikali anaiyang'ana padzuwa nthawi yaitali. Kenaka anapisa zala zake zosasamba m'botolo, natafuna chitheba, n'kutsokomola mpaka misozi.

"Pitani. Koma botolo likhala, ndi umboni."

"N'la mwana wodwala, mwananga," mkazi wanga anadandaula. Msilikali sanatembenuke n'komwe.

Ndinamuuza kuti andilembere pepala losonyeza kuti walanda botolo. Mkazi wanga ananditsina pamkono kufikira nditatseka pakamwa.

Ku Lione tinafika ndi dengu lopanda achali. Mwana wathu anatenga giya ija, naigwira pamphuno kanthawi, kenaka anapempha phala. Pepala la botolo lija sindinalilandire, ndipo malo ake m'bokosi akadali opanda kanthu.