Alamu Awiri Opaka Mitundu

Kuntchito amamutcha Kalondolondo, chifukwa salola "iye" aliyense kudutsa asanadziwe mwini wake. Amapatsidwa nkhani pa kompyuta, n'kumapaka mtundu umodzi mawu onse onena za munthu mmodzi. Pakalembedwa "mphunzitsi", kenako "bamboyo", kenako "iye", onsewo amawapaka chikasu kuti makina aphunzire kuti ndi munthu yemweyo. Khalidweli ndi lakale: ali mwana, alendo akati "uje uja", iye ankafunsa kuti uje wake uti, mpaka amayi ake kumupirikitsira panja.

Lamulo la pa ofesipo ndi lakuti nkhani iliyonse aipake anthu awiri osaonetsana, abwana ayerekeze. Tsoka ilo, anamuphatikiza ndi mlamu wake, mkazi wa achimwene ake. Zaka zisanu ndi ziwiri awiriwa anali asanagwirizanepo kanthu, kaya mchere, kaya dzina la mwana. Ankakhala mofulatirana, Kalondolondo atayatsa fani, mlamuyo atadzikuta juzi.

Lachisanu lina abwana anawaitana, nkhope ili gwa.

"Amayi, pa malo mazana atatu mwasiyana pawiri pokha. Anzanu amasiyana pambirimbiri. Wina akuonera mnzake, ndipo ndikamupeza, Lolemba asabwere."

Kalondolondo anachita mantha, poti ntchitoyi ankaikonda ndipo analibe ina. Koma chinamuwawa koposa ndi kunyozeka.

"Ine kuonera alamu? Bola kufunsa khoma!"

"Iii, inuyo muli n'chiyani choti munthu n'kuonera?" anabweza mlamu.

Abwana anawatsekera m'zipinda zosiyana, n'kuwapatsa nkhani imodzi yatsopano, ya mkangano wa pabanja, yodzaza "iwo" ndi "awo". Kalondolondo anayamba kupaka mosamala. Akasiyana kwambiri, ndiye kuti kale ankaoneranadi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anapemphera kuti alamu aganize ngati iye.

Sanasiyane ngakhale pamodzi. Abwana anapepesa, n'kulamula kuti awiriwa asadzalekanitsidwe pantchitoyi.

Ali m'khonde mlamu ananong'ona kuti, "Pandime yachitatu paja, 'iwo' amene anayambitsa ndewu, ndinadziwiratu kuti mupaka apongozi."

"Nanga akanayambitsa ndani?"

Anaseka mpaka kugwirana mapewa, kenako anasiyana msanga ngati agwira mbale yotentha. Kalondolondo anagwidwa manyazi. Iye wodziwa kulondola aliyense m'nkhani za eni, anali asanazindikire kuti woganiza ngati iye ndi yemwe amamufulatira tsiku ndi tsiku.

Atabwerera pampando anayang'ana juzi ya mlamu wake, n'kuzimitsa fani.