Pikapu ya Malemu Bambo

Amayi anga si munthu wokhululuka msanga, ndipo inenso ndinatengera. Anaphunzira umakaniko kwa malemu bambo, poyamba kumangowapatsira masipanala, kenako kumasula okha injini za dizilo. Manja awo ndi okhakhala, zikhadabo zakuda, ndipo mawu awo ndi owerengeka. Oyendetsa magalimoto amawatchula kuti Amayi a Pagalaja. Ukawalakwira sakalipa ayi, amangokuyang'ana n'kupitiriza kupukuta sipanala. Pamenepo udziwe kuti walembedwa mumtima.

Bambo atamwalira, mng'ono wawo, abambo aang'ono, anabwera misozi isanaume n'komwe kudzatenga pikapu yawo. Ati ndi katundu wa kubanja kwawo. Pikapu imeneyo inali yakale, yoyera, chitseko chimodzi chotsegukira kunja kokha, koma ndi imene inatilera. Bambo akamapita kuntchito ankaima pageti pa mng'ono wawoyo n'kuliza hutala kawiri, iwo n'kutuluka chothamanga kudzakwera ulele. Zaka zonsezo.

Tsiku lotenga makiyi amayi anayesa kuwatsina khutu. "Alamu, galimoto iyi ili ndi khalidwe lake. Geji ya kutentha..."

"Alamu, ine ndinayamba kuyendetsa inu musanadziwe n'komwe kuti dizilo amanunkha bwanji," anawadula abambo aang'ono.

Amayi anameza mawu otsalawo. Chimene ankafuna kunena n'chakuti geji inafa kalekale, muvi wake umangokhala pakati ngakhale injini ikupsa, komanso paipi ya pansi pa ladiyeta inkadontha pang'onopang'ono. Bambo ankathira madzi m'mawa uliwonse asanalize injini. Ine ndinapsa mtima, ndinkafuna kutukwana, koma amayi anandigwira mkono. "Asiye. Ibwera yokha."

Inabweradi, yochita kukokedwa ndi chingwe, dzuwa lili paliwombo, pagalaja pali anthu odikira magalimoto awo. Abambo aang'ono anatsika thukuta lili kamukamu. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma awa analankhulabe. Ati m'tauni monse amakaniko akukana, akuti injini ya mtundu uwu amaidziwa ndi amayi okha.

"Ikungotentha pang'ono basi. Mwina ndi lamba wa fani."

Amayi anatsegula boneti, n'kugwira lamba, ali bwinobwino. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kuwaonetsa: oyilo anali atasanduka ngati tiyi wamkaka. Anadzaza madzi mu ladiyeta, n'kundiuza kuti ndilize injini. Inavuta, kenako inalira motsimphina. Pakamwa pa ladiyeta panayamba kutuluka thovu, bwatabwata, injini isanatenthe n'komwe. Kumbuyo utsi woyera unali tolotolo.

"Bwerani pafupi, alamu, muone bwino," anatero amayi mokweza kuti onse amve. "Thovu ili ndi mpweya wa m'masilinda, ukulowa m'madzi. Madzi nawo akulowa mu oyilo. Gasiketi yapsa. Itawira munatani?"

"Ndinaima."

"Mutaima?"

"Ndinathira madzi."

"Ozizira? Pa injini yamoto?"

Abambo aang'ono anayang'ana nsapato zawo. Dalaivala wina wa lole anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinamva kukoma, sindibisa.

Amayi anamasula mutu wa injini iwo ali pomwepo, osawapatsa ngakhale mpando. Gasiketi inali itadyeka pakati pa masilinda awiri. Anapukuta mutuwo, n'kugoneka lula yachitsulo pamwamba pake, ndipo pansi pa lulayo pankaoneka kuwala: unali utapindika. Kenako analoza ndi chikhadabo kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi pakati pa mavavu.

"Ikanakhala gasiketi yokha bwenzi mukupita nayo mawa. Koma mutu wang'aluka. Madzi anu aja."

"Ndiye tigule wina."

"Kafuneni. Mtundu uwu anasiya kubweretsa m'masitolo."

Sananame. Abambo aang'ono anazungulira masitolo ndi malo ogwetsera magalimoto mpaka nsapato kutha, osaupeza. Pikapu inakhala pagalaja, nkhuku zikuikira mazira pampando. Tsiku lina amayi anawatumizira uthenga kuti adzachotse galimoto yawo, ikutsekereza malo a makasitomala. Anabwera atafufuma, n'kuponya makiyi pansi pamaso pa anthu.

"Tengani chiphakasa chanucho! Ndi chitsulo chabe, ine sindichifunanso."

"Mwamva nonse?" anafunsa amayi, akutola makiyiwo. Anthu anavomera kuti amva.

Atangopota pakona, amayi analowa kuchipinda n'kukoka chinthu cholemera kunsi kwa bedi, chokulungidwa mu ovolosi yakale ya bambo. Unali mutu wa injini wabwinobwino, umene bambo anasunga kalekale podziwa kuti mtunduwu udzasowa. Ine ndemwe sindinkadziwa kuti timagona nawo m'nyumba.

Anaumanga okha, osafuna thandizo. Anatsuka oyilo woipa uja, anaika gasiketi yatsopano, n'kumanga mabawuti kuyambira pakati kupita kunja monga ankachitira bambo. Anasintha paipi yodontha ija. Geji sanaikhudze.

M'mawa mwake injini italira, kalilidwe kake kanali komwe kaja kotiuza kuti bambo afika. Amayi anasuzumira mu ladiyeta, madzi ali zii, opanda thovu.

"Kwera," anatero.

M'mawa umenewo sitinapite kwina kulikonse. Anayendetsa pang'onopang'ono mpaka pageti pa abambo aang'ono, n'kuima pamalo pomwe bambo ankaima. Analiza hutala kawiri. Chitseko chinatseguka, abambo aang'ono n'kutuluka chothamanga, malaya ali m'manja, miyendo itawatsogolera mutu usanakumbuke kuti mkulu wawo anamwalira. Anaima pakati pa bwalo, kukamwa kuli yasa.

Amayi anawayang'ana nthawi yaitali, n'kulowetsa giya.