Mbewu yanga pansi pa makina ochapira

Mwana wanga atamanga nyumba yosanja kuno ku Benga, mkazi wake anasankha kachipinda kam'mwamba kuti muikidwe makina ochapira. Pansi pake penipeni pali chipinda changa, ndipo pakona ndinkasungapo thumba la mbewu ya mpunga. Mbewu imeneyi ndimasankha ndekha, ngala imodzi imodzi, chaka ndi chaka. Ya pamsika sindigula. Amasakaniza.

Tsiku lolumikiza makinawo ndinakwera masitepe ndi mawondo angawa, nkukaima kumbuyo kwa pulambala.

"Bambo, kapaipi kameneko kakavuka, madzi alowera kuti?"

"Sikangavuke, agogo. Ndamanga ndine."

"Nanga amene anamanga zovuka zonsezi ankati chiyani?"

Anaseka, koma sindinasunthe mpaka anaika thireyi yamalata pansi pa makinawo, nkuboola khoma, kutulutsa paipi kunja. Ndinathiramo kapu ya madzi, ndinatsika, ndinawaona akugwera pabwalo. Kuyambira pamenepo akamaliza kuchapa ndinkakwera kukatseka ndekha mpopi wapakhoma. Mpongozi wanga ankati, "Amayi, tsiku lina tidzakutolani pamasitepe chifukwa cha mpopi." Ine ndinkangoti eya.

Nthawi yotentha ija madzi anasiya masiku anayi. Kuno akasiya, anthu amasiya mipopi yotsegula kuti amve akabwera, ndipo amabwera mwaukali, akutsokomola. Tsiku lachinayi kunagwa maliro ku Mwadzama. Ndisanatuluke ndinafunsa mpongozi, akukonzeka kupita kuntchito.

"Wam'mwamba uja mwatseka?"

"Ndatseka, amayi, pitani mungachedwe."

Mawondo anali atatupa. Sindinakwere.

Minibasi itangodutsa pamsika ndinaona amayi akuthamanga ndi zidebe kulowera kumpopi. Madzi abwera. Ndinamenya denga la galimoto.

"Nditsitseni!"

Kondakitala anati, "Agogo, mwangokwera kumene. Mwaiwala mano kodi?"

"Mano ndili nawo, mwanawe, imitsa ndisakuonetse."

Ndinabwerera wapansi, dzuwa lili pamutu. Ndisanatsegule chitseko ndinamva kale: tho, tho, tho. M'chipinda mwanga denga linali litada, madzi akutsika ndi waya wa babu, akugwera pathumba. Ndinakokera thumbalo pakhonde, ndinakwera chokwawa. Kapaipi kanali pansi, mpopi ukulavula, thireyi itasefukira. Nditatseka ndinatokosa paipi yotulukira kunja ija ndi kamtengo. Munatuluka dothi louma. Mavu anali atamangamo nyumba. Ndinayesa paipiyo tsiku limodzi lokha, nkuikhulupirira miyezi isanu.

Mpongozi atabwera anagwada pakhonde. "Ndinautsegulanso, amayi. Ndimafuna ndione ngati m'mwamba mukutuluka kadontho, kenako ndinaiwala."

Tinayanika mbewu pamphasa, awirife, koma yapakati pa thumba inali itamwa kale. Mkucha wake ndinaona timizu toyera.

Mpunga ukadzuka sugonanso. Ndinakafesa nazale kudambo, mvula kulibe ngakhale fungo, nkumathirira ndi keni m'mawa uliwonse, maso kumwamba. Mbande zinkakula, ine nkumaonda. Zikakalamba pa nazale sizibereka bwino, ndipo mbewu ina ndinalibe.

Mvula inagwa mbande zitafika m'mawondo. Ndinazidula nsonga, ndinaoka zomwe zinapirira. Chaka chimenecho mpunga wakumunda kwanga sitinaulawe ngakhale pa Khirisimasi yotsatira. Wonse unakwana kathumba kamodzi ka mbewu, ndipo ndinakasoka kukamwa ndekha.