Chilimwe Chomwe Adadi Ankakankha Mphepo

Mpaka lero ndikamva fungo la udzu wongotchetchedwa kumene, ndimakumbukira nsapato za adadi. Zinali zoyera, zomata, chifukwa dzanja lawo lamanzere linali litasiya kumanga zingwe. Chilimwe chomwe ndinali ndi zaka khumi, nsapatozo zinkabwera kunyumba zitanyowa ndi mame, tiudzu titakakamira m'mbali.

Tinali titangosamuka ku South Bend kubwera ku Lawrence, m'mphepete mwa mzinda wa Indianapolis, ku Amereka. Adadi anali atachita sitiroko nyengo yozizira, ntchito yawo ya ku yunivesite n'kutha, ndipo amami, omwe ndi namwino, anapeza ntchito pachipatala china m'tauni. Nyumba yatsopanoyo inkanunkha penti ndi mafuta otikitira minofu. Makina oziziritsa m'nyumba ankalira tsiku lonse, ndipo pamwamba pa phokosolo pankamveka ndodo ya adadi, go, go, kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini. Munthu amene kale ankaseka mpaka aneba kugogoda khoma, tsopano ankangokhala pawindo, duu.

Lachiwiri ndi Loweruka m'mawa, a Phiri, mnzawo wa kutchalitchi, ankabwera kudzawatenga pagalimoto. Ankati akupita ku fiziyo, kolimbitsa ziwalo, kuchipatala. Koma ine kuchipatalako ndinali nditafikako, ndipo ndinkadziwa kuti kulibe udzu, n'simenti yokhayokha. Ndinayamba kuwazonda. Tsiku lina ndinawapeza m'galaja atapinda mawondo, akukankha mphepo pang'onopang'ono ndi manja onse awiri, maso ali gwa pakhoma, ngati akuingitsa chinthu chimene ine sindinkachiona. Atandiona anatsitsa manja msanga, n'kuyamba kufunafuna sipanala imene analibe nayo ntchito.

Ndinawauza amami. Ndinalankhula m'Chingerezi monga ndinkachitira nthawi zonse, iwo n'kumandifunsa m'Chichewa. Anapitiriza kudula anyezi, koma Lamlungu tikuweruka kutchalitchi ndinawaona atapatukira pambali ndi mayi Banda, mtsogoleri wa azimayi a patchalitchipo, akunong'onezana pafupi ndi magalimoto. Mayi Banda anandiitana kuti ndionetse mmene adadi ankachitira. Nditaonetsa, anagwira pakamwa.

"Zimenezo n'za mizimu ya ku China," anatero. "Zimayambira m'manja, mapeto ake zimalowa mumtima. Musazilekerere."

Loweruka lotsatira amami anasinthana shifiti ndi mnzawo. A Phiri atanyamuka ndi adadi, ife tinawatsata chapatali. Sanakhotere njira ya m'tauni. Analowa kupaki ina imene ili pomwe kale panali malo a asilikali, ndipo ife tinaimika galimoto kuseri kwa mitengo. Kunja kunali kale chifundi, nyenje zikulira. Pakapinga panaima okalamba angapo, azungu ndi akuda omwe, onse akusuntha ngati ali m'madzi. Kutsogolo kwawo kunali mdala wamfupi wa ku China, wa imvi, atavala kapusi yothetheka. Adadi anali mzere wakumbuyo. Ndodo yawo inali itagona paudzu, mwendo wawo wodwala ukunjenjemera, thukuta lili kamukamu.

Amami sanadikire kuti amalize. Anandigwira dzanja n'kudutsa pakati pa anthuwo mpaka kwa mdalayo, amene tinamva kuti ndi bambo Liang. Anawafunsa m'Chingerezi chawo cha kuntchito, chaulemu koma chouma, kuti zimenezi zinachokera kuti, ndipo amapembedza yani.

Bambo Liang anavula kapusi n'kupukuta pamphumi. Anati zimene ankachitazo dzina lake ndi tai chi. Anati ena amanena kuti munthu wina wodzipatula wa kumapiri anaona mbalame ikulimbana ndi njoka, n'kutengera mmene njokayo inkazembera. Atangotchula njoka, amami anandifinya dzanja mpaka zala kuwawa. Koma mdalayo anaseka, nati iye nkhani imeneyo saikhulupirira. Imene anamva kwa mphunzitsi wake inali yakuti luso limeneli linakulira m'mudzi wina wa alimi ku China, m'banja limodzi, ndipo linali lomenyera nkhondo, lodzitetezera kwa achifwamba. Banjalo linalisunga mwachinsinsi mibadwo ingapo, mpaka munthu wina wobwera analiphunzira n'kukaliphunzitsa kwa anthu olemekezeka a kulikulu. M'kupita kwa nthawi kulumpha ndi kuponda mwamphamvu kunachepa, liwiro linatsika, kenako boma linakonza kachidule kake kuti antchito ndi okalamba azichita m'mawa.

"Ine sindipemphera pano," anatero. "Ndimaphunzitsa anthu kuti asamagwe."

Pobwerera adadi anakwera galimoto yathu. A Phiri anatsala atagwira makiyi, akuyang'ana pansi.

"Munthu mmodzi, nkhani ziwiri," anatero amami tikuima pamaloboti. "Ndikhulupirire iti?"

"Mayi a Tadala," anatero adadi, powaitana ndi dzina langa, "lero ndaima mphindi khumi popanda ndodo."

"Nanga ngati n'zabwino, mumabisiranji?"

Adadi anandiyang'ana pagalasi kamodzi, n'kutembenukira kuwindo.

Amami sanawaletse, komanso sanagonje. Anauza a Phiri kuti asamavutike, amamiwo azidiraiva okha akakhala kuti sali pantchito. Ankakhala pabenchi, Baibulo lili chitsegulire pamiyendo, maso ali pamilomo ya bambo Liang kuti aone ngati akung'ung'udza mawu achilendo. Ine anandiika pafupi ndi gululo kuti ndizimvetsera, ndikamva chachilendo ndikanene. Ndinkatchera khutu ndi mtima wonse, ndipo ndinkalakalaka nditamva kanthu. Masabata onsewo ndinangomva zakuti pumani, pindani mawondo, musathamange. Kutchalitchi mayi Banda anasamuka pabenchi yathu, ndipo popemphera ankatchula mokweza mabanja amene atsegulira mdani zitseko. Amami ankavomera amen limodzi ndi ena onse, nsagwada zitalimba.

Sukulu itatsegulira, adadi anandiperekeza kokwerera basi. Anayenda mtunda wonsewo ndodo itapanidwa m'khwapa. Ine ndinayenda patsogolo, ndikudzifunsabe kuti mphamvuzo zachokera kwa yani.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ndagwira tchimo, ndipo ine ndi amami tikulondera nyumba yathu. Nditakula ndinawerenga kuti akatswiri a mbiri amatsutsanabe za amene anayambitsa tai chi, choncho bambo Liang potipatsa nkhani ziwiri sanali kuzemba, ankangonena zimene ankadziwa. Amami mpaka pano amati "zija za njoka", ngakhale ndi iwo amene amakumbutsa adadi tsiku lake likafika. Ndipo funso la m'galimoto lija ndinadziyankha ndekha mochedwa. Adadi sankabisira Mulungu kapena tchalitchi. Sankafuna kuti mwana amene anamuphunzitsa kuyenda awaone iwo akuphunzira kuima.