Dothi Lobwereka ku Mitundu

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Kamtsitsi, mphuno zanga zimadzaza ndi fungo la phulusa lonyowa ndi ndowe zakale za m'khola, fungo limene linkakanirira m'malaya awo ngakhale Lamulungu atasamba ndi sopo. Dimba lawo linali kumunsi kwa msika wa Nathenje, ndipo chakumtunda kwake kunali galaja kumene amakaniko ankaswa mabatire akutha a malole, kuchotsamo mtovu, n'kutaya zotsalazo m'ngalande. Mvula ikagwa, madzi otuwa ankatsetsereka mpaka m'mabedi athu. Nyemba zinkamera ndithu, koma zikafika msinkhu wa chikhatho zinkachita chikasu n'kupinimbira, ndipo abakha athu awiri okonda chithaphwi cha pamenepo anazizira miyendo, kenaka anafa.

Agogo anali mkamwini wochokera ku Malingunde. Dimbalo linali la malemu agogo aakazi, ndipo abale a malemuwo anali atayamba kunong'ona kuti munthu amene walephera kusamala dimba la mkazi wake alibenso chomukhalitsa pamudzi. Choncho agogo sanalisiye. Anakumba mchera wopatutsa madzi a kugalaja, anasinja makala mu mtondo wakale mpaka nsidze zawo zinada, ndipo anasakaniza makalawo ndi phulusa la m'balani la fodya ndi manyowa, n'kukwirira zonsezo m'nthaka. Chaka choyamba anadzala mpiru, koma utakula anauzula wonse n'kukautaya m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime. Mayi atadandaula za ndiwo, agogo anangoti, "Nthaka ikusanza, mwana wanga. Masanzi sadyedwa."

Chaka chachiwiri nyemba zinakhalabe zofooka. Agogo anazula imodzi, nandionetsa mizu yake yosalala, yopanda timatuza timene timaoneka pamizu ya mtedza wathanzi. Anati nthaka yawo inalibe alendo, ndipo anayenera kukawatenga kumunda wa mnzawo wa paubwana, a Chadza a ku Mitundu. Apa ndi pamene panali poopsa. Kwathu kutapa dothi m'munda wa mwini ndi chizindikiro cha kukawa, kuba zokolola za mnzako mwamatsenga, ndipo alamu a agogo anawauza poyera kuti mbiri yotero ikangomveka, amange katundu.

Tinanyamuka dzuwa litakwera, ine nditakhala pachitsulo cha kutsogolo kwa njinga, agogo akuliza belu ndi kulonjera aliyense kuti pasakhale wonena kuti tinapita mobisa. Titafika n'kunena chimene tinadzera, a Chadza anangoyang'ana pansi, koma akazi awo, a Nachisale, anafunsa ngati tinkafuna kuti nkhokwe yawo chaka chimenecho isunge mphepo.

"Wokawa sagogoda, mayi," anatero agogo. "Ine ndabwera kudzabwereka. Mutape nokha ndi khasu lanu, ndipo ndidzabweza."

A Nachisale anatenga khasu, natitapira dothi m'thumba. Pobwerera, achinyamata a chipani anatiimitsa kufunsa khadi, ndipo mmodzi atamasula thumbalo anaseka mpaka kugwira m'mimba, akufunsa ngati ku Nathenje dothi latha. Agogo anaseka nawo. Titafika kwathu, anamwaza dothilo m'mabedi a nyemba.

Chaka chimenecho tinkayembekezera zokolola ziwiri, zathu ndi za ku Mitundu, pakuti mtedza wa a Chadza ukanakanika, dzina la agogo likanathera pomwepo. Mvula itadula kwa masabata angapo, ndinkawaona akuyang'ana mitambo ya kumadzulo osati ya kwathu. Inabweranso. Tsiku lina anazula nyemba, napsinya kathuza kamodzi ndi chikhadabo. M'kati mwake munali mofiirira ngati magazi. Anavula chipewa. Ku Mitundu nako nkhokwe inadzaza, ndipo agogo anapititsa thumba la manyowa opsa bwino, a Nachisale n'kulinyamula pang'ono ndi kuwadzudzula kuti abweza mopitiriza. Za kumanga katundu sizinamvekenso.

Tsopano ndili m'chaka chachitatu pa koleji ya zaulimi. Aphunzitsi athu atafotokoza kuti makala ndi phulusa zimagwira mtovu kuti usalowe wambiri m'mbewu, ndiponso kuti m'timatuza ta mizu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timalimbitsa chomera, anzanga ankalemba mofulumira, koma ine cholembera chinaima m'manja, chifukwa zonsezo ndinali nditaziona kale zikuchitidwa ndi munthu wosadziwa kulemba dzina lake. Ndinapempha kuti dothi la dimba lija lipimidwe, ndipo patchuthi agogo, amene maso awo tsopano achita khungu koma akadali pamudzi pomwe paja, anandidzazira okha chitini.

Pondipatsa anandigwira dzanja nati, "Akatha kuliyang'ana ndi magalasi awowo, ubwere nalo. Wabwereka."

Aphunzitsi anatapako masipuni atatu okha. Lotsalalo lili pazenera la chipinda changa, ndipo masipuni atatuwo ndawabwezera kale ndi manyowa.