Khona la pamsuku

Oyendetsa malole a fodya pa msewu wa ku Mchinji ankalitukwana khona la kufupi ndi Mpingu. Msewu wowongoka bwinobwino, basi mwadzidzidzi khotee, kuzemba kamtengo ka msuku. Amati amene anakhotetsa pamenepo anali ataledzera. Bodza! Anakhotetsa ndi a Felesita, mayi amene sankalawa ngakhale dontho la mowa.

Mwana wawo woyamba anabadwa wakufa. Nthayo yotere sailira maliro. Amayi okhaokha ndiwo amakaiika m'kadzenje kosazama, ndipo mwamuna, ngakhale bambo wake, sauzidwa malo. A Felesita okha ankapadziwa pamodzi ndi anzawo amene anakumba, patsinde pa msuku uja.

Ndiye boma linaganiza zosiya njira yakale ya amtengatenga, imene inkatsika kudambo n'kumatitimiza magalimoto dzinja lililonse. Anakhoma zikhomo za msewu watsopano kumtunda. A Felesita pochokera kotola nkhuni anaona chikhomo china chili njo patsinde penipeni. Choipitsitsa, amuna awo a Stanislaus anali m'gulu lolima msewulo, kutsogolo kwenikweni ndi khasu.

Anene bwanji? Mwambo sulola. Akhale chete, bambo afukule mwana wake ngati chinangwa?

Tsiku limene makasu anafika, anapeza amayi atakhala pansi kuzungulira msukuwo, miyendo tambalale, mitu zyoli. Kapitawo anakalipa mpaka mawu kusasa.

"Amayi inu, chokani! Kodi pano ndi pamtondo?"

A Stanislaus anayandikira, manyazi atawagwira.

"Anaphiri, mukundichititsa manyazi pa anthu. Tiyeni kunyumba."

"Limani kwina kulikonse, bambo," anatero a Felesita osadzutsa mutu. "Pano pokha khasu lanu lisagwe."

Bamboyo anayang'ana nkhope za amayiwo mmodzimmodzi. Anali omwe aja anatuluka m'nyumba mwake ndi kamtolo ka nsanza chaka chija. Khasu linapulumuka m'manja. Analitola, napita chapatali, nayamba kulima. Anzawo, anthu a m'midzi yomweyo, anatsatira mwakachetechete. Kapitawo nayenso anali ndi mkazi kwawo. Anazula chikhomo yekha.

Kuyambira apo a Felesita ankagulitsa thobwa pamthunzi wa msukuwo. Anabereka ana ena, anakalamba, koma malo sanasinthe, fumbi kapena mvula. Anthu ankati mayi ameneyu ndi wouma mutu, pamsika pali anthu ambiri bwanji osapita kumeneko. Ine ndimati kulimba mtima kotere n'kosowa.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anamanga mlatho watsopano, msewu n'kusamukanso. Khona lija linasiyidwa, udzu n'kumera. Anzawo anabwera kudzawapepesa a Felesita kuti malonda atha, koma anawapeza akusesa patsinde, nkhope ili mwee. A Stanislaus, imvi mbuu, anaima chapatali monga ankachitira nthawi zonse.

"Senderani, bambo," anatero a Felesita. "Malole aja amamusokosera. Tsopano agona."