Dothi la Zuhura

A Sufiyani a ku Liwaladzi anakulira m'mabango. Ali mnyamata ankatchera atsekwe ndi akakowa kuti apeze ndiwo. Atakula, mbalame zomwezo zinawapezera ntchito pakampu ina ya m'mbali mwa nyanja, pomwe alendo amagona m'matenti n'kumalawirira kukaona mbalame ndi magalasi oonera patali. Iwo ankaseka chamumtima: munthu kuchokera kutali konseko kudzangoyang'ana ndiwo, osadya!

M'bwato mwawo lamulo linali limodzi, ndipo analipanga okha: foni zonse zizimitsidwe, mbalame sizifuna phokoso.

Tsiku lina anazimitsa yawo m'mamawa, napalasa ndi alendo mpaka kuseri kwa dambo, n'kuswera komweko. Kumudzi mkazi wawo, Zuhura, anagwa pachitsime dzuwa lisanakwere, osadzukanso. Abale anaimba foni mpaka kutopa. Anatuma munthu panjinga, koma m'mabango mulibe njira ya njinga. Ndipo maliro a Chisilamu sagonera. Pofika pakhomo a Sufiyani anapeza mikeka ikupindidwa, manda atafotseredwa kale. Sanamuone nkhope, sananyamule jeneza, chithatha cha maliro, sanaponyepo ngakhale kadothi.

Chimenecho ndicho chinawadya kuposa imfayo. Kwa zaka ankamva foni ikulira m'thumba pomwe ili yozima. Mbalame ikangolira m'mabango, iwo dzanja lili kale pathumba. Posamba kuti akaswali ankayang'ana zikhatho zawo zoyera zija, n'kuchita nazo manyazi.

Amayi awo atagwira mphasa, lamulo lija analiphwanya okha. Foni inkalira pakati pa dambo, mwina wongopereka moni, mwina wosokera nambala, mbalame n'kubalalika. A Raston, mwini kampu, anawaitana.

"Bambo Sufiyani, ikangoliranso, nkhafi mupereke kwa wina."

"Ndamva, bwana," anatero. Koma sanaizimitse.

Inalira m'mawa wina, alendo atangolozetsa makamera kwa nkhwazi yomwe anaidikira nthawi yaitali. Dambo lonse linauluka. Anali Mwajuma, mlongo wawo.

"Achimwene, amayi atisiya. Tiika ikatha swala ya masana."

"Inna lillahi. Musafotsere, ndikubwera."

Anatembenuza bwato osafunsa munthu. Alendo ankadandaula m'chizungu chawo, ndipo a Sufiyani ankadziwa kuti ntchito yathera pomwepo. Ankangopalasa, misozi ili chuchuchu. Koma kunena zoona, pansi pa chisonicho panali kachimwemwe kochititsa manyazi, koti ulendo uno foni aimva.

Anafika jeneza lisanatuluke. Analowa m'manda kulandira mayi awo, ndipo atatuluka anaponya dothi lawo monga mwana wamwamuna. Kenako anatapanso lina lodzaza manja onse awiri. Anthu akuwayang'ana, anayenda nalo pakati pa mitumbira mpaka pa wa Zuhura, womwe unali utamera kale udzu. Anagwada, nalithira pang'onopang'ono.

"Ndafika, Zuhura," anatero. "Pepani, ndinachedwa."